Ngongole ya Mphunzitsi ndi Malipiro Ake: Mbiri Yoonera kwa Tengani

Lero m'nthaŵi yathu ya mbiri tikamba za munthu amene tonsefe tidadzera m'manja mwake, ndiye mphunzitsi. Sitikamba za luso lake pa bolodi ai, koma za mafunso aŵiri amene makolo amafunsana mwana wao akasankhidwa kukaphunzira uphunzitsi: maphunziro ameneŵa atidyera zingati, ndipo akadzatsiriza azidzalandira zingati? Mafunso aŵiriŵa adayamba pamodzi ndi sukulu m'dziko muno. Tiŵalondola kuyambira masiku a amishoni kufikira masiku ano a digiri ndi ngongole ya boma. Poŵalondola tiima kwa Tengani, m'boma la Nsanje, pakuti malipiro a mphunzitsi akalephera kufikana ndi mtengo wa maphunziro ake, zotsatira zake zimayamba kuoneka kumadera otentha ndi akutali ngati ameneŵa.

Kwa Tengani ndi kumunsi kwa chigwa cha Shire, pa mseu wochokera ku Bangula kupita ku boma la Nsanje. Kum'maŵa kuli mtsinje, ndipo tsidya lake ndi dziko la Mozambique. Kumadzulo kuli mapiri. Anthu amalima mapira ndi mcheŵere kumphala, chimanga ndi mbatata kudimba, ndipo amalankhula Chisena ndi Chimang'anja. Ufumu wa Tengani ngwakale pakati pa Amang'anja, ndipo dzina lake limamveka m'mbiri ya kachisi wa Mbona ku Khulubvi. M'chaka cha 1859, pamene David Livingstone adakwera Shire pa sitima yake yotchedwa Ma Robert, Tengani wa masiku amenewo adamuimitsa panjira pamodzi ndi anthu ake a mauta, kufuna kudziŵa chimene mlendoyo ankafuna m'dzikomo.

Chodabwitsa nchakuti chigwa chimene chidayamba kuona amishoni ndicho chidachedwa kuona sukulu. Bishopu Mackenzie wa mishoni ya UMCA adamwalira mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Anzake adasamukira kwa Chibisa ku Chikwawa, koma malungo, njala ndi nkhondo za ukapolo zidaŵachotsako. Amene adabwera pambuyo pao adangodutsa m'chigwamo ngati panjira: a Livingstonia mu 1875 adapitirira kunyanja, a Blantyre mu 1876 adakwera kumapiri. Dera la Nsanje lidadikira mpaka chaka cha 1900, pamene a South Africa General Mission adamanga ku Lulwe, kenaka ku Chididi mu 1909, ndipo nawonso adasankha pamapiri pamene pali kamphepo. Ansembe achikatolika a Montfort adakhazikika ku Port Herald, dzina lakale la Nsanje, mu 1921. Motero kuyambira pachiyambi pomwe, maphunziro adali chinthu chotsika kuchokera kumtunda, ndipo wotsika nacho adali mphunzitsi.

Ngongole yoyamba: thukuta ndi lonjezo

M'midzi ya m'chigwa, monganso m'dziko lonse, wophunzitsa ana tsiku ndi tsiku sadali Mzungu, koma mnyamata wachikuda amene adaphunzira pa mishoni. Sukulu yake idali yofolera ndi udzu, ndipo Lamulungu inkasanduka nyumba yopemphereramo. Iye yemweyo adali mlaliki, woyambitsa nyimbo pa maliro, ndiponso wolembera anthu makalata opita kwa abale ao ku Halale ndi ku Joni.

Malo akuluakulu osulira aphunzitsi adali kutali ndi chigwachi. Dr Robert Laws adatsegula Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894. A Blantyre adatsegula Henry Henderson Institute mu 1909. A Dutch Reformed ankasula aphunzitsi ao ku Mvera, kenaka ku Nkhoma. Mishoni zing'onozing'ono zinkaphunzitsa anyamata ao pa siteshoni pomwepo. Mnyamata wosauka ankalipira bwanji? Ndalama zidali zochepa, koma manja adali nawo. Ankalima munda wa mishoni, kuumba njerwa, kutema nkhuni ndi kutunga madzi, ndipo pamwamba pa zonsezo ankayembekezeka kudzaphunzitsa m'sukulu za mishoniyo akatsiriza. Padalibe kalata ya ku banki, komabe idali ngongole ndithu, ndipo inkagwira moyo wonse wa munthu. Mphunzitsi akapezeka pa moŵa, akatenga mitala kapena akasemphana ndi m'busa, ankataya mpingo ndi ntchito tsiku limodzi.

Malipiro ake adali a masheleni oŵerengeka pamwezi, chifukwa mishoni zinkadalira zopereka za kunja. Boma la atsamunda lidayamba kuthandizapo mu 1907, ndipo lidapereka mapaundi 1,000 okha kuti mishoni zonse za m'dziko zigaŵane. Tsono mnyamata wodziŵa Chingerezi ndi masamu sankachedwa kuona kuti kalaliki wa ku boma kapena wa m'sitolo akulandira zoposa iye. Ambiri adausiya uphunzitsi. Wodziŵika kwambiri ndi Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene adatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Livingstonia, naphunzitsa kanthaŵi kochepa, nachoka m'dziko muno mu 1915. Pofika 1919 adali atayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town. Dziko la Nyasaland lidasula munthuyo, koma nzeru zake zidakapindulira kwina.

Kwa mphunzitsi wa m'chigwa, chiyeso chotere chidali pakhomo penipeni. Njanji yochokera ku Port Herald idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 mlatho wa pa Zambezi udatsegula njira yosadukiza mpaka ku Beira. Ntchito za ukalaliki pa njanji ndi m'minda ya nzimbe ya ku Mozambique zinkafuna anthu odziŵa kulemba. M'zaka za m'ma 1920 thonje lidabweretsa ndalama m'midzi ya m'mbali mwa Shire, mwakuti mlimi wakhama sankasirira mphunzitsi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a mtsinje adakwera namiza madimba ambiri, thonje lidagwa, amuna adapita kukafuna ntchito kunja, ndipo makolo adasoŵa ngakhale makobiri a fizi. Pa nyengo ya chuma mphunzitsi ankakopeka kusiya ntchito; pa nyengo ya umphaŵi ankasoŵa ana oti aphunzitse.

Pepala liyamba kuyeza malipiro

Mu 1924 bungwe la Phelps-Stokes lidayendera sukulu za ku Nyasaland ndipo lidadzudzula boma chifukwa chosiyira amishoni katundu yense. Zaka ziŵiri pambuyo pake, mu 1926, boma lidakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro, ndipo mu 1929 sukulu ya Jeanes idayamba ntchito ku Domasi ndi thandizo la ndalama lochokera ku America. Kumeneko aphunzitsi ankapita ndi akazi ao, kukaphunzira kuyang'anira sukulu za m'midzi pamodzi ndi ulimi ndi ukhondo. Boma lidayambanso kulembetsa aphunzitsi mayeso ndi kuŵagaŵa m'magulu: ena a satifiketi yophunzitsira m'chinenero cha makolo, ena a satifiketi ya Chingerezi, ndipo thandizo la malipiro linkatsata gulu la munthu.

Apa mpamene padabadwira lamulo limene likutilamulirabe mpaka lero, lakuti pepala ndilo limayeza malipiro. Kutalika kwa ulendo, kutentha kwa dera ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi siziŵerengedwa. Wofuna kukwera ayenera kupeza pepala lapamwamba, ndipo pepalalo linkapezeka kumtunda. Sekondale yoyamba idatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, yachiŵiri ku Zomba mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951. Mwana wa kwa Tengani wofuna kupitirira adayenera kupeza ya sitima, ya zovala ndi ya fizi, zonse kuchokera m'thumba la mlimi amene dimba lake lidali pansi pa madzi. Nchifukwa chake chigwachi chidakhala zaka zambiri chikudalira aphunzitsi obadwira kwina. Aphunzitsi eni ake adaona kuti kudandaula payekhapayekha sikuthandiza, ndipo mu 1945 adayambitsa bungwe lao, limene ndilo kholo la Teachers Union of Malawi.

Ngongole yachiŵiri: kupita kumene watumidwa

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma lidatenga udindo waukulu pa kusula ndi kulipira aphunzitsi. Omvera achikulire akukumbukira maina a T2 ndi T3: woyamba adali wa satifiketi ya Fomu 4, wachiŵiri wa satifiketi ya Fomu 2, ndipo onse ankakhala zaka ziŵiri ku koleji. Kumeneko ankagona, kudya ndi kuphunzira popanda kusenza ngongole, ndipo potsiriza ankalandira kalata yoŵauza sukulu yokayamba ntchito. Yunivesite ya Malaŵi idayamba kuphunzitsa mu 1965. Aphunzitsi a sekondale ankasulidwa ku Soche Hill mu Blantyre, mpaka 1973 pamene kolejiyo idaphatikizidwa ndi Chancellor College ku Zomba. Kwa zaka makumi aŵiri zoyambirira boma lidasenza mtengo wonse wa wophunzira wa pa yunivesite.

Komatu ulere umenewu udali ndi mtengo wake. Amene boma lamphunzitsa ankapita kumene boma lamtuma, osafunsa. Anyamata ndi atsikana ambiri a ku Mzimba, ku Dowa ndi ku Mulanje adaona chigwa cha Shire koyamba kudzera pa zenera la sitima, atanyamula sutikesi, mphasa ndi mapoto. Ankafika pakati pa ana olankhula Chisena, pamene kuyambira 1968 chinenero cha m'kalasi zoyambirira chidali Chicheŵa, ndipo mphunzitsi ndi mwana ankayamba aphunzitsana mau. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kunkapitirira madigiri 40, ndipo udzudzu wa m'madambo sunkasankha mlendo.

Malipiro adali ochepa, koma ankabwera, ndipo kwacha imene idaloŵa m'malo mwa paundi mu 1971 idali ndi mphamvu. Mphunzitsi ankapatsidwa nyumba pasukulu, ankatha kugula njinga ndi wailesi, kulipirira mng'ono wake fizi, ndi kuyembekeza penshoni. Wofuna kukwera ankaphunzira mwa makalata ku Malawi Correspondence College, imene idayamba mu 1965, namamveranso maphunziro pa wailesi. Tisaiŵale mbali ina ya masiku amenewo. Mphunzitsi sankatha kunyanyala ntchito kapena kutsutsa poyera, ndipo anthu ankanong'onezana kuti kusamutsidwira ku Nsanje nchilango. Mu 1989 Pulezidenti Kamuzu Banda adalamula kuti aphunzitsi abwerere ku zigawo zakwao, ndipo sukulu za kumwera zidataya aphunzitsi ambiri odziŵa ntchito ochokera kumpoto. Lamulolo lidagwa pa nthaŵi yovuta kale, pakuti kuyambira 1986 anthu othaŵa nkhondo ku Mozambique adadzaza boma la Nsanje mpaka kuposa eni dera, ndipo misasa yao idamangidwa kwa Tengani, ku Nyamithuthu ndi ku Mankhokwe.

Chitseko chitseguka

Chaka cha 1994 chidasintha zonse. Boma la Pulezidenti Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiŵerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana a alimi ndi asodzi a m'chigwa amene fizi inkaŵatsekera kunja adaloŵa m'kalasi, ndipo chimenechi chidali chinthu chabwino. Koma akulu adati walira mvula walira matope. Boma lidalemba aphunzitsi atsopano pafupifupi 22,000, ambiri mwa iwo osaphunzira ntchitoyo, naŵapatsa maphunziro a masabata oŵerengeka okha. Kuyambira 1997 ndondomeko ya MIITEP idayesa kuŵasula ali pantchito, miyezi itatu ku koleji, yotsalayo kusukulu. Chaka chomwecho cha 1994 kwacha idamasulidwa kuti msika uziiikira mtengo, ndipo idayamba kutsika. Aphunzitsi adachuluka pa nthaŵi imene ndalama yoŵalipira inkachepa mphamvu. Mu 1997 madzi adakokolola njanji pafupi ndi Chiromo, ndipo sitima ya ku Limbe imene inkabweretsa aphunzitsi ndi katundu wao idaleka kufika kwa Tengani.

Ana ambiri aja atafika Sitandade 8, padafunika sekondale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma lidasandutsa malo ophunzirira mwa makalata kukhala sekondale zoyendera za m'madera, zija timati CDSS. Aphunzitsi a dipuloma ndi digiri adali ochepa, kotero m'sukulu zambiri zotere, makamaka za kumidzi, Fomu 3 ndi Fomu 4 zinkaphunzitsidwa ndi aphunzitsi a satifiketi ya pulayimale. Pofuna kutseka mpatawo, Domasi idali itasanduka kale koleji ya aphunzitsi a sekondale mu 1993. Yunivesite ya Mzuzu idatsegulidwa mu 1999 ndipo idayamba ndi maphunziro a uphunzitsi. Koleji ya Nalikule ku Lilongwe idatsatira mu 2017. Digiri ya uphunzitsi, imene kale idali ya anthu oŵerengeka, idakhala loto la zikwi za achinyamata.

Ngongole yachitatu: ndalama

Loto limeneli lidapeza mtengo utakwera kale. M'zaka za m'ma 1980 chuma cha dziko chidavuta, ndipo mabungwe okongoza ndalama a kunja adalimbikitsa boma kuti ophunzira azisonkhako. Mu 1985 wophunzira wa pa yunivesite adayamba kulipira K200 pachaka, ndipo wosoŵa ankakongozedwa. Mu 2001 fizi idakwera kuchoka pa K1,500 kufika pa K25,000. Mu 2016, ophunzira atachita zionetsero zokana K400,000, idaikidwa pa K350,000. Mu 2023 idafika pa K650,000 m'mayunivesite ambiri a boma. Pa mtengo wa chaka chimenecho, zaka zinayi za digiri zikukwana K2.6 miliyoni ya fizi yokha, osaŵerengera chakudya, malo ogona, mabuku ndi ya basi yochokera ku Nsanje kupita ku Zomba kapena ku Mzuzu.

Kwa zaka zambiri ngongole za ophunzira sizinkabwezedwa kwenikweni, chifukwa padalibe lamulo lamphamvu lozilondolera, ndipo ambiri adaziyesa mphatso. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, nilipatsa mphamvu yokongoza ophunzira osoŵa ndiponso yotolera ngongole zakale kuyambira za m'ma 1985, kudzera mwa olemba anthu ntchito. Mlandu suola. Akuluakulu a imvi adakumbutsidwa za ndalama zimene adasainira ali anyamata. Kunena zoona, kwa iwoŵa katunduyo adapepuka, popeza kugwa kwa kwacha kudadya ngongole yakaleyo. Katundu wolemera adagwera ana a masiku ano.

Taganizirani za mtsikana wa kwa Tengani amene wakhoza bwino pa CDSS nasankhidwa kukachita digiri ya uphunzitsi. Popanda ngongole ya boma sakadaponda pa yunivesite, ndipo pa chifukwa chimenechi ngongoleyo njothandiza. Akatsiriza, boma likamlemba ntchito, amayambira pa giredi yapamwamba kuposa ya mnzake wa satifiketi ya pulayimale. Kusiyanako nkwenikweni, ndipo kumafika mpaka pa penshoni. Koma pali zinthu zitatu zimene zimaima pakati pa pepala ndi phindu lake.

Choyamba ndi kudikira. Kalata ya ntchito imene kale inkabwera pamodzi ndi satifiketi idaleka kubwera msanga. Ife amene tidadzera m'ndondomeko ya IPTE, imene idayamba mu 2005, ya chaka chimodzi ku koleji ndi chaka chimodzi kusukulu, tidalonjeza kukaphunzitsa kumidzi zaka zisanu. Koma magulu angapo a pambuyo pake adakhala pakhomo chaka, ena zaka ziŵiri ndi kuposerapo, boma lisanapeze ndalama zoŵalembera, ndipo ena adatengedwa ngati aphunzitsi othandizira pa malipiro ochepa. Cha m'ma 2015 makoleji a aphunzitsi a pulayimale nawonso adayamba kulipiritsa fizi. A digiri akumana ndi kudikira komweko. Podikirapo ambiri amaphunzitsa m'sukulu zomwe si za boma, kumene mwini sukulu amalipira monga wafunira, ndipo nthaŵi yoyamba kubweza ngongole imayandikira osayang'ana ngati munthu wapeza ntchito yokhazikika.

Chachiŵiri ndi kugwa kwa ndalama. Kwacha idatsitsidwa kwambiri mu Meyi 2012, idatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wamalonda amakweza mitengo m'maŵa mwake, koma mphunzitsi amadikira bajeti ya boma, ndipo zimene amamuonjezera zimafika mitengo ya chimanga, sopo ndi basi itathamanga kale.

Chachitatu nchakuti mphunzitsi wa boma sabisika. Mnzake wa pa yunivesite amene adaloŵa geni kapena adapita ku Johannesburg ngwovuta kumpeza, koma dzina la mphunzitsi lili pa mndandanda wa malipiro a boma mwezi uliwonse. Mwa onse okongola, iye ali m'gulu la olandira zochepa, komanso ali m'gulu la osavuta kuŵadula.

Palinso njira ina yofikira ku digiri, imene aphunzitsi ambiri a m'chigwa amadzera. Mphunzitsi wa pulayimale amene watha zaka zingapo pa giredi L amalembetsa maphunziro a patchuthi ku yunivesite ya boma kapena ya mpingo, nalipira yekha. Ndalama amazitenga ku SACCO, ku banki, kapena ku makampani okongoza amene amadula pa malipiro ndalama zisanafike m'manja. Zikathina amapita kwa wakatapila, amene amasunga khadi lake la ku banki ngati chikole. Atavala gauni najambulitsa, amabwerera kusukulu yake nkupeza giredi ili pomwe idali, mpaka patapezeka malo ndi mayeso a kukwezedwa. Pa miyezi kapena zaka zodikirazo amakhala ndi nzeru za digiri, malipiro a satifiketi, ndi ngongole ya zonse ziŵiri.

Pamwamba pa izi, chigwa chimaonjeza zake. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 adagwetsa nyumba m'boma la Nsanje, nasandutsa makalasi kukhala misasa ya anthu osoŵa pokhala. Mphunzitsi amene matiresi, mabuku ndi mbuzi zake zapita ndi madzi amadulidwabe ngongole kumapeto kwa mwezi. Ndani angamdzudzule akalemba kalata yopempha kusamukira ku Blantyre, kumene angaphunzitse ana apadera madzulo, kapena akausiya uphunzitsi nkuloŵa ntchito ya bungwe lothandiza anthu? Njira imene Kadalie adayenda mu 1915 idakali yotseguka. Ndipo mphunzitsi wa digiri akachoka, wolipira womaliza ndi mwana wa Fomu 4 wa kwa Tengani, amene adzalemba mayeso a MSCE ofanana ndi mnzake wa mumzinda popanda womphunzitsa masamu kapena sayansi.

Boma lidayesapo kugwira aphunzitsi kumidzi. Mu 2010 lidayamba kupereka K5,000 pamwezi kwa ophunzitsa kumadera ovuta, koma mitengo itakwera ndalamayo idachepa mphamvu. Chaka cha 2020 chitadutsa, koleji ya aphunzitsi idatsegulidwa ku Chikwawa, ndipo mwana wa m'chigwa adatha kusulidwa m'chigwa momwemo osakwera mapiri. Aphunzitsi nawo adagwiritsa ntchito ufulu umene makolo ao adalibe: adanyanyala ntchito mu 2017 pofuna ndalama zao za tchuthi, ndiponso mu 2021 pa nkhani ya alawansi ya mliri wa Covid-19.

Chimene mbiri ikutiphunzitsa

Tikayang'ana zaka zoposa 120 kuchokera pamene sukulu idayamba ku Lulwe, tiona kuti mphunzitsi sadaphunzirepo mwaulere. Woyamba adalipira ndi thukuta ndi kumvera mishoni. Wachiŵiri adalipira popita kulikonse kumene boma lamtuma. Wachitatu akulipira ndi ndalama zodulidwa pa malipiro. Ngongole ziŵiri zoyambazo zidali ndi nkhanza zake, ndipo palibe wofuna kuti zibwerere monga zidaliri. Komabe zidali ndi nzeru imodzi: munthu ankazibweza pophunzitsa, kotero kubweza kwake kunkafikitsa mphunzitsi kumudzi. Ngongole ya ndalama imabwezeka msanga kumene kuli ndalama, ndipo motero imamkankhira mphunzitsi kumzinda.

Maiko ena adaliona vutoli. Ku South Africa, kuyambira 2007, boma lili ndi thumba lotchedwa Funza Lushaka, limene limalipirira wophunzira uphunzitsi, ndipo iye amabweza pophunzitsa m'sukulu ya boma chaka chimodzi pa chaka chilichonse chimene adalipiriridwa. Ku America mphunzitsi amene watha zaka zisanu m'sukulu ya dera losauka amatha kukhululukidwa gawo la ngongole yake. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife, pakuti ndi yomwe ija ya makolo athu a T2 ndi T3, kungoti yachotsedwa chikakamizo. Chingaletse nchiyani kuti mphunzitsi wa digiri amene wasankha yekha kukhala zaka zisanu kwa Tengani, ku Makhanga kapena ku Chapananga, achotseredwe gawo la ngongole yake chaka ndi chaka? Ndalama imene boma lingataye pamenepo ingabwerere kudzera mwa ana a m'chigwa amene angakhoze mayeso, ena mwa iwo nkudzakhala aphunzitsi olankhula chinenero cha ana ao, ozoloŵera dzuŵa la kwao.

Kwa inu makolo amene mwana wanu wasankhidwa, musamletse. Mbiri ikuonetsa kuti pepala lapamwamba limakweza munthu, ngakhale mochedwa. Koma khalani naye pansi asanasaine, muŵerengere limodzi zaka zophunzira, zaka zimene angadikire ntchito, ndi ndalama imene azidzadulidwa. Mumuuze kuti ngongole ya boma si mphatso, ndi kuti kubweza kwake ndiko kudzaphunzitse mng'ono wake. Kwa inu mafumu ndi makomiti a sukulu, nyumba yabwino ya mphunzitsi yomangidwa pamalo okwera, pamene madzi safika, imagwira munthu kuposa mau okoma a pa msonkhano. Ndipo kwa inu aphungu a Nyumba ya Malamulo, pamene mukambirana za ngongole za ophunzira, funsani kuti ndi aphunzitsi angati a digiri amene adatumizidwa ku Nsanje, ndipo ndi angati adakali komweko patapita zaka zisanu. Yankho la funso limenelo lidzakuuzani ngati malipiro ndi ngongole zikufikana.